Mpanda wa Zitenje

Timu yathu ya ku Zengeza 1, komboni ya kufupi ndi Harare, inalibe malipiro. Inali ndi chipewa. Osewera akapita kokapuma, mkulu wa timu, telala wa pakhonde la sitolo ku Chikwanha, ankavula chipewa chake n'kuyenda nacho m'mbali mwa bwalo. Zomwe anthu aponyamo zinkagula buledi ndi malalanje, zotsala n'kusungira basi ya ulendo wotsatira. Bwalo lathu linali pamtetete. Wopita kumsika ankaima, kuonera chigoli, n'kupitiriza ulendo wake.

Ambiri m'timumo tinali ana a anthu ochokera ku Malawi. Ine sindinkasewera. Chifukwa ndinafika ku sekondale, anandiika kukhala mlembi. Wosewera kwathu anali achimwene anga, goloboyi wa timuyo. Ntchito analibe, ndipo akazi awo, alamu anga, anali oyembekezera.

Chaka china m'ma 1980, mpikisano wa chikho unatigwetsera timu ya kampani yaikulu ya ku Harare. Anyamata awo ankalandira pamwezi, ena atalembedwa ntchito m'fakitale momwe sankapondamo n'komwe. Anali ndi basi yawoyawo ndi bwalo la mpanda wa njerwa, pomwe aliyense wolowa ankalipira. Mpirawo unayenera kuchitikira kwathu, koma kalata ya akuluakulu a mpira inati masewero a chikho amafuna bwalo lotchinga. Tikalephera tikasewerera kwawo, ndipo ndalama zapakhomo zidzatsalira iwo.

Sabata yomweyo munthu wa kampaniyo anabwera kunyumba. Analonjeza achimwene ntchito ya m'nyumba yosungiramo katundu, bola akawagwirire pagolo. Atapita, achimwene ananditsinzinira diso.

"Iwe mlembi, mwana wanga akabadwa tidzamufunditsa chipewa cha atelala?"

"Dikirani mpira uno, achimwene."

"Ndidikira. Koma ukatha ine ndili chimanjamanja, Lolemba ndikwera basi."

Atelala anati titchinge ndi masaka. Tinapempha kuchigayo ndi kwa ogulitsa chimanga, atelala n'kumawasoka masiku anayi. Amuna anazika mitengo ya bulugamu kuzungulira bwalo. Lachisanu ndinayeza ndi mapazi, ndinapeza kuti masakawo angokwana mbali imodzi ndi theka. Ndinakawauza atelala. Anatseka makina, anavala jekete, n'kupita komwe amayi a kumpingo ankaphunzira nyimbo.

Loweruka m'mawa ndinafika pabwalo ndili wotaya mtima. Ndinapeza waya woyanikira zovala atamangidwa kale kuchoka pamtengo kufika pamtengo. Kenako amayi anayamba kutulukira m'misewu yonse ya Zengeza, aliyense ndi kamtolo pamutu. Anabweretsa zitenje, mabulangete, makatani a pawindo, nsalu za pabedi. Anabwera a ku Malawi, a ku Mozambiki, a ku Zambia, ndi anansi athu achishona omwe mpira sankaudziwa. Ankalumikiza nsalu ndi mapini, pansi n'kutsendereza ndi miyala.

Zina mwa zitenjezo ndinali ndisanazionepo padzuwa. Zinali za m'sutikesi, zotulutsa pa ukwati ndi pa maliro basi. Kumbuyo kwa golo la kumwera ndinazindikira chobiriwira cha amayi anga, chomwe anabwera nacho pa sitima ali mkwatibwi. Ife ana sitinkaloledwa kuchikhudza.

Dzuwa lisanafike pamutu bwalo lonse linali litatsekedwa. Mphepo ikaomba, mpandawo unkafufuma n'kubwerera ngati chifuwa cha munthu wogona. Ndinaima pakati pa bwalo ndekha, ndikutembenuka pang'onopang'ono. Nyumba sizinkaoneka, msewu sunkaoneka. Sindinayambe ndalowamo m'nyumba yaikulu chotero.

Basi ya alendo itafika, mkulu wawo anayenda mozungulira, akugwira nsalu ndi zala ziwiri. Anafunsa m'Chishona ngati chimenechi tikuchitcha mpanda.

"Kalata inati lotchinga, bambo," anayankha atelala m'Chichewa, osafulumira. "Ya njerwa sinatipeze."

Woimbira mpira anaseka, n'kuvomereza.

Ine mantha anga anali pena. Mpanda wa nsalu aliyense angathe kuukweza ndi dzanja limodzi. Komanso anthu amenewa anali ataonera mpira mwaulere zaka zonse, ndipo mpandawo unali wawo. Ndinakhala pakhomo ndi tebulo ndi buku la matikiti, ndikuganiza kuti ndigulitsa kwa alendo okha.

Nditadzutsa mutu, mzere unali utafika kumsewu. Anali anthu omwe aja, ena mapini akadali pakamwa. Wachisanu pamzere anali amayi anga, akumasula mfundo ya kansalu.

"Amayi, inu lowani. Chitenje chanu chili uko."

"Chitenje ndi changa, mpira si wanga. Ng'amba tikiti."

"Koma wosewerayo ndi mwana wanu."

"N'chifukwa chake. Ng'amba, anthu akudikira."

Ndinang'amba. Sindinayang'anenso munthu kumaso mpaka buku linatha. Otsalawo ndinawalembera manambala pa timapepala ta m'kope.

Ana ankasuzumira kunsi kwa nsalu, palibe anawathamangitsa. Wamkulu mmodzi yekha, atalawa mowa wa ku Chikwanha, anayesa kukweza bulangete. Mwini wake anali chapafupi.

"Limenelo ndimafunda ine, bambo. Khomo lili uko."

Anapita kukhomo.

Anatichinya chigoli chimodzi. Akanatha kutichinya zisanu, koma achimwene tsiku limenelo ankauluka. Mpira utatha tinagawana zapakhomo ndi alendo. Msungichuma wawo ataona gawo lathu anati silingalipire ngakhale anyamata awo atatu pamwezi. Sankanyoza, ndipo sananame. Atelala anachotsapo za basi, zotsalazo n'kuika m'maenvulopu. Kanali koyamba wosewera wa timu yathu kulandira envulopu.

Ya achimwene inali yopyapyala. Kukampani kuja akanapeza zimenezo pa masiku ochepa. Anaitsegula, anayang'anamo, n'kuiika m'thumba. Lamulungu lonse sanatchule za mpira.

Lolemba ndinadzuka ndikumvetsera chitseko. Nthawi ya basi itadutsa ndinatuluka, ndinawapeza pampopi kuseri kwa nyumba. Anali atagula mtanda wa sopo, ndipo m'beseni munali chitenje chobiriwira chija. Fumbi lofiira linali litachilowa, waya anali ataching'amba pakona.

"Basi yapita, achimwene."

"Ndaimva."

"Nanga ntchito ija?"

"Uli ndi mafunso ngati wapolisi. Gwira uko tifinye. Tikatha upite nacho kwa atelala, asoke amayi asanachione."

Anagwira pagolo lathu mpaka chaka chinatha, ndi chinzake. Mwana anabadwa m'nyengo ya mvula. Potuluka naye kuchipatala, amayi anamukulunga m'chitenje chomwecho, msoko wa atelala uli pakona.