Buku limene anandipatsa amayi abusa

Chaka chimene amuna anga anayamba kuchedwa ku Dwambazi, mumpingo mwathu munalowa buku lina la nkhani yopeka. Anabwera nalo ndi amayi abusa kuchokera ku Lilongwe, ndipo pofika nyengo ya mwera linali litayenda m'nyumba zambiri za amayi amene timasonkhana Lachinayi. Chikuto chinali chitachoka, masamba ake akununkha usipa ndi mafuta ophikira.

Nkhani yake inali iyi. Bambo wina wa m'tauni, wagalimoto yake, akopeka ndi mtsikana wa ku ofesi. Mkazi wake sayankhula kanthu, amangosala kudya, kusita malaya a mwamunayo ndi kulira kuchipinda. Kenako mtsikana uja afa pangozi ya pamsewu, bamboyo abwerera kwawo chokwawa, mkazi amukhululukira, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ine ndimasoka zovala pa Boma, pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Amuna anga ankapikula usipa kwa asodzi n'kumakagulitsa ku Kasungu. Ankati ku Dwambazi usipa umapezeka wambiri, n'chifukwa chake ankatha milungu iwiri kumeneko. Zoti kunali mkazi ndi khanda ndinazimva kwa mayi wina wodzasoketsa diresi, ine ndikumuyeza m'chiuno. Iye ankayesa kuti ndikudziwa kale. Mpingo wonse unkadziwa.

Odikira bukulo anali ambiri, koma amayi abusa anandidumphitsa mzere. Anandiitanira kuseri kwa tchalitchi, n'kundipatsira m'manja ngati mankhwala obisa.

"Mayi, werengani ili. Muli uthenga wanu."

Ndinaliwerenga masiku atatu. Lachinayi lotsatira tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuti aliyense anene maganizo ake. Amayi a pampando anati analira mpaka mpango kunyowa. Ena anati chimene chinawakhudza n'choti mkazi wa m'bukumo sanakweze mawu ngakhale kamodzi. Mayi wina amene anali asanathe chaka m'banja anati iye waonamo phunziro: mkazi ukasiya kudzisamalira, mwamuna amayang'ana kwina. Ananena izi akuyang'ana mapazi anga ong'aluka. Aliyense ankati akukamba za buku, koma maso onse anali pa ine.

Ngakhale mkulu wina wa mpingo, amene ana awo apathengo anali mbwee kuyambira ku Mwadzama mpaka kudoko, anaima pa makina anga kudzandiuza kuti bukulo n'lodzozedwa, mkazi aliyense aliwerenge. Nditawafunsa kuti ndi pati pamene panawasangalatsa, anati maso akuwavuta, anachita kuwafotokozera akunyumba.

Lachinayi linalo ndinalephera kupirira. Ndinakweza dzanja.

"Amayi, ndifunseko. Mtsikana uja akanapanda kufa, bamboyo akanabwerera?"

Amayi abusa anakonza magalasi awo.

"Mulungu ali ndi njira zake, mayi."

"Ndiye ine ndizipemphera kuti minibasi ya ku Dwambazi igubuduke?"

Ena anagwira pakamwa. Amayi a pampando anayambitsa nyimbo msangamsanga. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwika kuti ndine wouma mtima, ndipo ankandipempherera mokweza ine ndili pomwepo.

Pakhonde paja ndinkakhala ndi mnzanga wina, Msilamu, wogulitsa zitumbuwa ndi tiyi, amene ali pamitala. Anandilanda bukulo n'kuliwerenga masiku awiri, uku akuthira tiyi. Pondibwezera anatsonya.

"Wallahi, achemwali, amene analemba izi sanachitidwepo chipongwe. Mkazi walira buku lonse, mwamuna wapepesa mizere itatu, basi zatha? Ndipo miyezi yonseyo mimba osakhalapo? Anthu ake otani amenewa?"

Ndinaseka koyamba m'mwezi umenewo. Pa onse amene anawerenga, ndi iye yekha amene anakamba za bukulo osati za ine.

Tsiku lina m'mawa, ndikupinda siketi ya yunifomu, panaima mtsikana woonda atabereka mwana. Zala zake zinali zochekekacheka, ngati za aliyense woyanika usipa pathandala. Anagwada.

"Odi, alamu. Ndinu amene mumasoka pano?"

"Alamu ake a ndani?"

"Bambo a mwanayu anandiuza kuti ali ndi mlongo wawo wosoka pa Boma. Ndachokera ku Dwambazi. Tsopano ndi mwezi wachiwiri sindikuwaona, ndiye ndati mwina alamu akudziwa kumene ali."

Phazi langa linaima pa makina. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi m'banja, ana atatu, lero ndasanduka mlongo! Ndinkaganiza kuti tsiku limene ndidzakumane naye ndidzamuthothola tsitsi. Koma mwana anasuzumira paphewa la mayi ake, ndipo makutu ake anali enieni a mwana wanga woyamba. Mnzanga uja anamukokera mtsikanayo benchi, n'kumupatsa tiyi ndi chitumbuwa.

"Khala pansi, iwe," ndinatero. "Ine si mlamu wako. Ndine mkazi wawo."

Sanalire nthawi yomweyo. Anayamba wamaliza chitumbuwa, poti anali ndi njala. Kenako anati amuna anga anamuuza kuti mkazi wawo anamwalira kalekale. Tinakhala pakhondepo mpaka azana ya masana italira kumzikiti, tikufananiza mabodza amene tinauzidwa. Ena anali ofanana liwu ndi liwu. Madzulo ndinamuperekeza kokwerera minibasi. Amayi awiri a mumpingo anationa, ndipo pofika Lamulungu nkhani inali yoti ndalodzedwa.

Amuna anga anatulukira patatha milungu isanu. Zinamveka kuti anali ku Salima, kwa mkazi winanso amene anawapirikitsa. Sanabwere okha. Anafika ndi abusa, amayi abusa ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Anagwada pabwalo, pamene anansi akanatha kuona bwino, n'kuyamba kuti, "Mkazi wanga, ndachimwira kumwamba ndi pamaso pako." Zaka zonsezo anali asananenepo "pepani" ngakhale atandiponda phazi. Ndinaona milomo ya amayi abusa ikuyenda limodzi ndi yawo, ndipo ndinadziwa amene anawaphunzitsa.

"Bambo, dzukani, mudetsa thalauza," ndinatero. "Tandiuzani, mwana wa ku Dwambazi ali ndi mano angati?"

Sanadziwe. Anayang'ana abusa, abusa anayang'ana pansi.

Amalume anga, amene ndi nkhoswe yanga, anandifunsa chimene ndikufuna. Ndinati sindikuwasungira chakukhosi, ndipo ana awo azidzawaona nthawi iliyonse. Koma nyumbayi ili pamalo a mayi anga, ndipo m'menemo sagonamonso. Amayi abusa anati kumeneko si kukhululuka. Ndinawayankha kuti mwina si kumeneko, koma ndi kumene ndili nako.

Anapita kukakhala kwa abale awo ku Mwadzama, ndipo adakali komweko. Mtsikana uja anadzakwatiwa ndi msodzi wina wochokera ku mpoto. Mwana wake amabwera kwathu sukulu akatsekera, amagona ndi abale ake, ndipo yunifomu yake ndimasoka ndine. Amanditchula kuti amayi aakulu.

Lachinayi ndimapitabe, ndimakhala kumbuyo. Chaka chatha mayi uja wa kudzisamalira anabwera pa makina anga diso litatupa, n'kukhala pa benchi nthawi yaitali osanena chimene akufuna kusoketsa. Ndinamuuza mnzanga kuti amuthirire tiyi, ndipo ndinapitiriza kusoka mpaka anayamba yekha kuyankhula.