ANankhoma ndi Phewa la Mkamwini

M'midzi ya kumtunda kwa Chisepo, munthu akadzuka khosi litauma kapena msana ukukana kuwongoka, safunsa zambiri, amangolunjika kwa aNankhoma. Dzina lawo la ubatizo ndi Anjelina, koma limenelo limamveka kutchalitchi kokha. Ndi mayi wamfupi, wa mawu aakulu kuposa thupi, ndipo manja awo ndi okhakhala ngati a mlimi wina aliyense. Koma manja amenewo akagwira mnofu wopweteka, amapeza pamene pamanga mfundo ngakhale mwini wake akuloza pena.

Ntchitoyi anaiphunzira pa ng'ombe. Bambo awo anali ndi ngolo, ndipo ng'ombe zikabwera kotuta chimanga makosi atatupa ndi goli, mkuluyo ankazithowa ndi madzi otentha n'kuzisisita ndi mafuta a nsatsi, mwana wawo ataima pambali ndi beseni. Mpaka lero aNankhoma akamatikita mwamuna wokuwa kwambiri amamuuza kuti, "Ng'ombe za abambo zinkapirira kuposa inu, chonsecho zinalibe ndevu."

Zina anaziphunzira m'misozi. Amuna awo, a Felton, anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo aNankhoma anakhala nawo kuchipatala miyezi iwiri. Kumeneko ankaonerera dokotala wa mafizo akupinda ndi kuwongola mkono wa wodwalayo, ndipo ankafunsa mafunso mpaka dokotalayo anatopa nawo n'kuyamba kuwaphunzitsa. Anamva kuti fupa lothyoka saligwira, chotupa chotentha sachitikita, zimenezo n'zakuchipatala. Atabwerera kumudzi anapitiriza tsiku ndi tsiku, ndipo a Felton anayendanso ndi ndodo zaka zinayi asanamwalire. Zaka zinayi zimenezo aNankhoma amazikumbukira mokondwa, chifukwa mkuluyo anafika popita yekha kudimba kukakangana ndi mbuzi.

Choncho misana ya m'mudzimo ankaidziwa yonse, wa aphunzitsi, wa abusa, ngakhale wa anthu amene anayambana nawo pa malire a munda. Panali munthu mmodzi yekha amene anali asanamukhudzepo, ndipo anali Langton, mwamuna wa mwana wawo Roza.

Langton anabwera kudzakhala chikamwini pafupifupi zaka makumi awiri zapitazo. Nyumba yake inali pafupi, kungodutsa nkhokwe ndi khola la mbuzi, koma upongozi unkaiika kutali ngati ku Mponela. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Tsiku lina Langton anapatukira m'chitedze, n'kukanda thupi mpaka dzuwa kulowa, koma sanadandaule. Mawu ankadutsira mwa Roza, ndipo pakasowa Roza, mkamwiniyo ankanjuta kuseri kwa nkhokwe n'kuyankhula atayang'ana kumbali. Achinyamata a masiku ano ankawaseka, poti iwo apongozi awo amawaimbira foni n'kumacheza nawo za mpira.

Sikuti panali chidani. ANankhoma ankamukonda Langton koposa, ndipo ankanena poyera pamaliro ndi pachigayo kuti Roza anatola mwayi. Malata a nyumba yawo anakhoma ndi iyeyo, atadikira kaye kuti apongoziwo apite kudimba. Njira yothetsera manyazi inalipo, ndipo mabanja ena anaitsata kalekale: mkamwini amabweretsa nkhuku, apongozi n'kulandira, kuyambira pamenepo n'kumapatsana moni wa pamanja. Koma Langton ankaopa kuoneka wamwano akayamba ndiye, ndipo aNankhoma ankaopa kuoneka ngati akupempha nkhuku. Zaka zinangopita aliyense akudikira mnzake.

Langton ndiye ankaimba ng'oma yaikulu ya mganda wa m'mudzimo. Munthu wofatsa uja, woyenda mutu uli pansi, akagwira ndodo ya ng'oma ankasanduka wina, ndipo anthu a kutsidya kwa dambo ankadziwa ndi khutu lokha kuti lero pali aMbewe, monga ankamutchulira pa mfunda wake. Chaka chimenecho, mu Seputembala, magulu a ku Dowa ndi a ku Ntchisi anapangana zodzakumana pabwalo la sukulu. Koma mu Juni, akudinda fodya pa jeke, Langton anamva phewa la kumanja likung'ambika mkati. Kuchipatala anamujambula n'kumuuza kuti fupa lili bwino, wavulala ndi mnofu, ndipo ululu ukachepa phewalo lizitikitidwa ndi kuyendetsedwa, apo ayi liuma.

Linayambadi kuuma. Pofika mu Julayi mkono sunkakwera kupitirira pachifuwa, ndipo malaya ankamuveka ndi Roza. Anyamata a mganda anayamba kunong'onezana zopereka ng'oma kwa wina. Masana onse aNankhoma anazolowera kumva mkamwini wawo akugogoda chilichonse chimene wachipeza, chidebe, mtondo, mpini wa khasu. Tsopano kuseri kwa khola la mbuzi kunali zii, ndipo bata limenelo linkawapweteka mumtima.

Anayesa nzeru ina. Langton anakhala pamphasa mkati mwa mpanda, Roza atagwada pambali pake ndi botolo la mafuta a nsatsi, aNankhoma ali kunja kwa mpandawo atafulatira.

"Wapeza fupa la pamwamba?" anafunsa aNankhoma.

"Ndapeza, amayi."

"Tsika zala ziwiri. Pali kamfundo ngati nzama."

"Pano palibe nzama."

"Ilipo. Dina ndi chala chachikulu."

Roza anadina ndi mphamvu zonse za munthu wozolowera kusinja, ndipo kubuula kwa Langton kunathawitsa nkhunda padenga.

"Uwafunse bambo a Rebeka ngati pamenepo ndi pamene pamawawa," anatero aNankhoma, ngakhale mwini wakeyo amamva zonse.

Langton anatembenukira kwa Roza. "Uwauze amayi kuti pamene pamawawa ndi pena, koma tsopano apanso payamba."

Anayesa masiku anayi, ndipo phewa silinasinthe, kupatula kuti Roza ndi mwamuna wake anayamba kuyankhulana mwachidule.

Sabata yomweyo mlongo wake wa Langton, Priscilla, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anatumiza kabotolo pa minibasi ya ku Mponela. Munali makapisozi achikasu, owala ngati mikanda, a mafuta a nsomba amene amawatchula kuti omega. Roza ndi mwana wa aNankhoma, ndipo chikulire chake ankadziwa chinthu chimodzi, kuti mafuta a munthu wodwala phewa amapaka paphewa. Anatenga singano, n'kuboola makapisozi khumi limodzilimodzi, n'kufinyira m'kambale, n'kumupaka mwamuna wake kuyambira m'khosi mpaka m'chigongono.

ANankhoma ali pakhonde pawo anamva fungo n'kuganiza kuti kwa mwana wawo akukazinga nsomba mobisa. Atasuzumira anaona Langton atakhala padzuwa, amphaka atatu atamuzungulira, galu akumunyambita chigongono, ntchentche zikuchita msonkhano pakhosi pake, iye ali phee ngati munthu amene akulandira chithandizo chapamwamba. Anaitana Roza, anatenga kabotolo kaja n'kupita nako kwa alangizi a zaumoyo, amene anawauza kuti makapisoziwo ndi omeza, limodzi patsiku pamodzi ndi chakudya. Anawauzanso kuti asayembekezere kuti mafuta a nsomba okha angamasule phewa, amangothandiza thupi monga amachitira usipa ndi matemba, ndipo ntchito yaikulu inali ya manja.

Pobwerera anaseka njira yonse mpaka misozi. Koma atafika pafupi ndi nkhokwe anaona mkamwini wawo, amene ankadziona ngati ali yekha, akuyesa kukweza ndodo ya ng'oma. Mkono unakwera pang'ono n'kugwa, ndodo n'kugwera m'fumbi. Langton anaiyang'ana nthawi yaitali osaitola. Kuseka kwa aNankhoma kunathera pomwepo, ndipo anadziuza okha kuti manyazi anapha lambe.

Panafunika nkhuku yothetsera manyazi ija, koma vuto linali lakuti chitopa chinali chitasesa nkhuku zonse za Langton. ANankhoma anagwira thadzi lawo lamawangamawanga n'kumupatsa Roza.

"Kawapatse amuna ako. Uwauze kuti mawa m'mawa abwere nalo kuno adzandipatse."

"Nkhuku yanu yomwe, amayi?"

"Nanga nkhukuyo ikaulula kwa ndani?"

M'mawa mwake Langton anabwera atavala jekete la kutchalitchi, mkono umodzi uli m'kati, thadzi lili kukhwapa la kumanzere. Kumbuyo kwake kunali Roza ndi mwana wawo woyamba, Rebeka, mtsikana wa ku sekondale, amene ankadziluma milomo kuti asaseke. Langton anagwada pabwalo, anayankhula mawu aulemu amene anawakonza bwino, n'kuika nkhuku pansi. Thadzilo silinadikire kulandiridwa. Linadzikung'untha, n'kudutsa pakati pa miyendo ya mwini wake, n'kukalowa m'chisa chake chomwe chija kukaikira dzira. Rebeka anaphulika, Roza anamutsatira, ndipo aNankhoma anati, "Yalandiridwa. Onani, yazolowera kale."

Tsiku lomwelo Langton anagona chafufumimba pamphasa pansi pa mtengo wa mango. ANankhoma anafunditsa mafuta a nsatsi, anaviika nsalu m'madzi otentha n'kulithowa phewalo. Kenako anatambasula dzanja kuti agwire. Zala zitangofika pakhungu zinaiwala za upongozi, zinatsika zokha n'kupeza kamfundo kaja pamalo pomwe ananena.

"Pepani, aMbewe, ziwawa," anatero, ndipo aka kanali koyamba kumuyankhula popanda wodutsiramo.

"Wawa," anayankha Langton, nkhope ili m'mphasa.

Zinawawadi. M'mawa uliwonse ankamuthowa ndi kumutikita, kenako n'kumuimika pakhoma la nyumba kuti zala zake zizikwera khomalo monga anaonera kwa dokotala wa mafizo uja. Pamene zala zalekezera, aNankhoma ankalembapo ndi khala. Masiku ena mzere sunkasuntha, ndipo Langton ankabwerera kwake ali ndwii. "Pang'onopang'ono ndi mtolo," ankatero apongoziwo, n'kutuma Rebeka kukasiya usipa wotendera kwa bambo ake ndi kukawakumbutsa kuti kapisozi apite kukamwa, osati kuphewa. Pofika kumapeto kwa Ogasiti mizere ya khala inali itadutsa pamwamba pa zenera, ndipo tsiku lina masana aNankhoma anamva chidebe chikulira kuseri kwa khola la mbuzi. Anasiya nyemba zimene ankasankha n'kuvina okha pakhonde.

Koma chizolowezi cha zaka makumi awiri sichitha ndi nkhuku imodzi. Nthawi yonseyi Langton ankayang'ana pansi, aNankhoma ankayang'ana phewa. Msana wake anaudziwa wonse, nkhope ayi.

Tsiku la mganda bwalo la sukulu linadzaza, fumbi lili koboo, amuna atavala zoyera atandanda m'mizere. Gulu la m'mudzimo litalowa, Langton anakweza ndodo pamwamba pa mutu wake n'kuitsitsa, ndipo ng'oma inayankha ndi mawu omwe aja amene ankamveka kutsidya kwa dambo. Anthu ankaonerera mapazi a ovina, aNankhoma okha ankaonerera phewa, mmene linkakwerera ndi kutsika popanda kukakamira, ndipo nthungululu zawo zinaposa za amayi onse. Anapambana ndi a ku Ntchisi, ndipo aNankhoma mpaka lero amati oweruzawo anali ndi vuto la makutu.

Pobwerera anadzera njira ya kumadimba, kanjira kopapatiza kokhala ndi minga mbali zonse. Atakhota pa nthochi anangoona Langton ali patsogolo pawo, akubwerera kubwalo kukatenga jekete limene anaiwala. Onse awiri anaima. Mapazi a aNankhoma, amene sanauzidwe za nkhuku ija, anayamba okha kupatukira kutchire.

"Amayi, kumeneko kuli minga," anatero Langton.

Anabweza phazi n'kukweza maso. Mkamwini wawo anali akuwayang'ana, thukuta ndi fumbi zili kumaso, akumwetulira. Pakati pa mano ake a kutsogolo panali kampata. ANankhoma anakayang'anitsitsa, pakamwa pali yasa. Chibadwire cha Rebeka iwo anakhala akudabwa kuti mdzukulu wawo anakatenga kuti kampata ka m'mano kamene panalibe aliyense anali nako ku mtundu wawo kapena wa a Felton, ndipo anafunsapo Roza kangapo, iye n'kumangoseka.

"Kani kampata ka Rebeka kaja n'kanu," anatero, ndipo mawu awo aakulu aja anatuluka ang'onoang'ono.

Langton anaseka, kampatako n'kuonekera bwino. Anatambasula dzanja la kumanja, lomwe lija, ndipo aNankhoma analigwira ndi manja awo onse awiri, osafufuza mfundo iliyonse. Jekete lija anakatenga Rebeka m'mawa mwake, chifukwa Langton anatembenuka n'kuwaperekeza apongozi ake mpaka pakhomo, akuwapatulira minga m'njira.