Adilesi Yodulidwa Pakati

Madokotala a maso anabwera kuchipatala cha mishoni kwa tsiku limodzi lokha, ndipo tsikulo ine ndinali m'fakitale ya tiyi, nditagwada kuseri kwa makina. Agogo anga, amene anandilera makolo atamwalira, anali atasamba m'mamawa, atavala chitenje cha kutchalitchi, akundidikira pakhonde kuti ndiwaperekeze. Ng'ala inali itatseka diso limodzi, linalo likutsatira.

Makinawo ali ndi kamera yoona timitengo m'tiyi wouma, mpweya n'kumatiuluza. Mkati muli kakompyuta, ndipo kukasamalira ndiyo ntchito yanga. M'mawa umenewo kamera inasiya kutumiza zithunzi.

"Abwana, tchuthi cha lero ndinapempha kale," ndinakumbutsa amanijala.

"Masowo ayamba kuwavuta lero? Tiyi akudikira. Ukonze, kenako upite ngakhale ku Thekerani."

Ndinabwerera ku makina. Mwana wamasiye amaphunzira msanga kumeza mawu.

Ndinatsegula logi ya kenelo, mizere imene mtima wa kompyuta umalemba pofotokoza zimene ukuchita. Mzere umodzi unkaonetsa adilesi, nambala ya malo a m'memori, mosungira zinthu mwa kompyuta, amene kamera imaikamo zithunzi. Nambalayo inali yaing'ono, malo amene kamera imafikapo bwinobwino, poti pa nambala zazikulu siifika. Ndinaikhulupirira. Ndinasintha waya, ndinapukuta fumbi la tiyi, ndinasinthanso waya wina. Dzuwa linafika pamutu. Agogo analibe foni, choncho sindikanatha kuwauza chilichonse.

Masana ndinatsegula pulogalamu yeniyeniyo kuti ndione mzere wosindikiza nambala ija. Wolemba wake, amene sindimudziwa ndipo ndibwino kuti sindimudziwa, anaika %x, chizindikiro chosindikizira nambala zazifupi. Adilesi yotereyi ndi yaitali, imafuna %pad, ndipo umapereka pamene nambalayo yasungidwa, ndi chizindikiro cha &. Kukula kwa malowo anasindikiza ndi %d m'malo mwa %zu. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti kompaila, pulogalamu yomanga mapulogalamu, imachenjeza munthu akalakwitsa chotere. Iye anamva chenjezolo. M'malo mokonza, anaika (u32) kutsogolo kwa adilesi, kuidula pakati kuti kompaila ikhale chete. Chigawo chapamwamba chinatayidwa, logi n'kumaonetsa chotsalacho ngati chathunthu.

Nditakonza mzerewo, adilesi yonse inatuluka. Inali nambala yaikulu, malo a kumtunda kwenikweni, kumene kamera ija singafike. Kukonza vuto lenilenilo sikunachedwe. Tsiku lonse linathera pa bodza la munthu amene anatopa ndi kuchenjezedwa.

Amanijala anaona timitengo tikuulukanso, nati, "Waona? Ukafuna umatha." Ndinatuluka osatsanzika.

Njinga yamoto inanditsitsa panyumba dzuwa litapendeka. Agogo anali pakhonde pomwepo, nsapato atavula, ataziika pambali. Anatembenukira kumene kunkamveka mapazi.

"Ndani?"

"Ndine, agogo."

"Anzanga abwerako kale. Akuti madokotala atseka." Anapapasa nsapato zija. "Nanga makina akowo akuona tsopano?"

"Akuona."

"Ndiye bola. Mmodzi mwa ife waona."

Anapempha kuti ndiwagwire dzanja polowa m'nyumba, chinthu chimene sanapemphepo chikhalire. Mpaka lero ndikapeza (u32) kutsogolo kwa adilesi mu pulogalamu ya munthu, ndimabweza ntchito yonse, ndipo mawu sindimezanso.