Bondo Langa Linandiulula ku Japan

Ndikukumbukira bwino chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, tikukhala ku Gorbals, dera lina la mumzinda wa Glasgow, m'kanyumba ka pamwamba, ine ndi amayi anga omwe ankagwira ntchito ya unamwino. Tinali titatha zaka zisanu mu Glasgow chichokereni ku Zomba, ndipo ine ndinali nditalimbikira kudzichotsa Chimalawi. Chifukwa chake chinalipo. Sabata yanga yoyamba pasukulu, aphunzitsi atandipatsa buku, ndinapinda bondo n'kulandira ndi manja awiri monga mwana woleredwa. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Mnyamata wina dzina lake Callum anatha teremu yonse akundigwadira m'khonde ngati ndine mfumukazi. Kuyambira pamenepo bondo langa ndinaliumitsa gwa, ndipo zinthu ndinkangotsomphola ndi dzanja limodzi ngati anzanga. Amayi akadandaula, ndinkawayankha kuti zimenezo n'zakumudzi.

Chaka chimenecho sukulu inasankha ana asanu ndi mmodzi a m'kalasi ya zaumisiri kuti tipite ku Japan masabata awiri, tikaphunzire limodzi ndi ana a sukulu ina kumeneko. Ine ndinalowa, Callum analowanso. Aphunzitsi athu, a Docherty, ananeneratu kuti tikabwerako adzasankha mwana mmodzi yekha woti akaphunzire ntchito kumalo okonzera sitima nthawi ya tchuthi. Malo amenewo ndinkawafuna mpaka kuwalota. Koma ndinali wofatsa ngati nkhuku yachilendo, ndipo a Docherty ngakhale dzina langa linkawakanika, Tiyamike ankangoti Tia. Callum anali wapakamwa, ndiye aliyense ankadziwa kuti malowo ndi ake.

Ku Japan anatiyendetsa mpaka mapazi kutupa. Tinakwera sitima yothamanga kwadzaoneni, koma tiyi m'kapu osagwedezeka ngakhale pang'ono. Anatilowetsa m'kachipinda koyeserera chivomezi, ndipo katayamba kunjenjemera, Chichewa chimene ndinkachibisa chinatuluka chokha, ndinakuwa kuti “Mayo ine!” Nsomba yaiwisi ndinaimeza nditatsinzina, mumtima ndikupepesa abale anga onse a ku Zomba. Tikaweruka, ana a sukulu ankasesa okha makalasi awo. Anzanga a ku Glasgow ankangozungulira ndi tsache osadziwa poyambira, ine ndinasesa ngati ndabwerera ku pulayimale. Mtsikana amene ndinkagona kwawo, Haruka, ndiye ankatimasulira zonse.

Kutatsala masiku atatu, anatitengera kumalo amene papulogalamu sankaoneka ngati kanthu. Inali shedi ya malata kuseri kwa nyumba ya mkulu wina, a Tanaka, amene anatha moyo wawo wonse akusema tizitsulo ta m'sitima. Munkanunkha oyilo ndi chitsulo chotentha, ndipo sipanala iliyonse inali ndi malo ake pakhoma, ojambulidwa ndi penti yoyera. Haruka anatinong'oneza kuti alendo akabwera, mkuluyo amalola mwana mmodzi kugwira makina ake osemera zitsulo, koma masiku ena salola aliyense.

A Tanaka anatulutsa m'kabokosi kathabwa kachipangizo koyezera kunenepa kwa chitsulo, n'kuyamba kutipatsa mmodzimmodzi kuti tikaone. Callum anakatsomphola, kukaponya m'mwamba pang'ono, n'kukawakha akuseka. Mkuluyo anakatenga n'kuyamba kukapukuta ndi kansalu, pang'onopang'ono, nthawi yaitali moti a Docherty anayang'ana pansi.

Atafika pa ine, sindinaganize n'komwe. Ndinangoona imvi ndi manja awiri amakwinya akundipatsira, basi bondo langa linapinda lokha, manja onse awiri n'kutambasuka, maso pansi. Khama la zaka zisanu linathera pomwepo. Manyazi anandigwira, makamaka nditamva Callum akubisa phwete kumbuyo kwanga.

A Tanaka anayankhula, Haruka n'kumasulira. “Akufunsa kuti anakuphunzitsa ndani kulandira choncho.”

“Amayi anga,” ndinayankha chapansipansi. “Kwathu ku Malawi timatero kwa akuluakulu.”

Mkuluyo anatenga magalasi otetezera maso n'kundipatsa. Haruka anati, “Akuti munthu wolandira chida chawo choncho sangachigwetse. Bwera kumakina.”

Kusankhidwa kunali kuyamba chabe. Anandionetsa chitsulo chokhala ndi bowo, n'kundipatsa kandodo kachitsulo koti ndikaseme mpaka kalowe m'bowomo, osakhwepa komanso osathina. Koyamba ndinapupuluma, ndinasenda kwambiri, kanakhwepa. Anandipatsa kena. Kachiwiri ndinachita mantha, ndinasenda mokhudza chabe, kanakana kulowa. Thukuta linali likutsika kumsana, ndipo ndinkadziwa kuti a Docherty akuona zonse. Pamenepo a Tanaka anandipatsa kachitatu, n'kugogoda khutu lawo ndi chala.

Ndinasiya kudalira maso okha, ndinayamba kumvetsera kulira kwa mpeni wa makinawo pachitsulo. Ukaluma kwambiri unkalira mokwiya, ukadutsa bwino unkangolira mosalala, tizinyenyeswa tonyezimira tikupotana n'kumagwera pa nsapato zanga. Ndinasenda pang'ono, kuyeza, kusendanso, kuyezanso. Nditakaimika pabowo paja, kanatsetsereka kokha pang'onopang'ono n'kukhazikika. 

Ndiye a Tanaka anandiweramira. Ine, mwana wa ku Zomba, mkulu wa imvi kundiweramira pamaso pa anzanga! Ndinanyada, sindibisa, mpaka misozi inalengeza mkati mwa magalasi aja. Tili m'basi pobwerera, a Docherty anabwera pampando wanga n'kundipempha kuti ndiwaphunzitse kutchula dzina langa lonse. Anayesa katatu, n'kulipotozabe, koma ndinawakhululukira. Titafika ku Glasgow, malo ophunzirira ntchito aja anandipatsa ine.

Lero ndine injiniya wa sitima mumzinda womwewu, ndipo zinthu zinasintha. Ntchito imene inanditulutsa thukuta ija pano imachitidwa ndi makina a kompyuta, munthu akumwa khofi. Haruka anandilembera kuti a Tanaka anamwalira ndipo shedi ija inagwetsedwa. Ana anga awiri ndikawafunsa m'Chichewa amandiyankha Chingerezi cha ku Glasgow chimene ngakhale agogo awo, amayi anga, amavutika kuchimva. Amayiwo anapuma ntchito, koma nkhaniyi sanapume nayo. Lamulungu lililonse kukabwera mlendo kutchalitchi kwathu ku Partick, dera lina la Glasgow, amamukokera pambali n'kundiloza.

“Uyu ndi injiniya wanga,” amatero. “Anachita kukwera ndege mpaka ku Japan kuti akamve zimene ndinkamuuza kukhitchini.”

Ine ndimangoima pambali pawo ndi kapu yanga ya tiyi, ndipo sindinawatsutsepo ngakhale tsiku limodzi.