Amayi Anatsala Pageti

Ndinali ndi zaka khumi pamene bambo anamwalira m'kanyumba kathu ka ku Kabwata. Anali telala, Msilamu wochokera ku Mangochi. Amayi anali Mkhristu wobadwira mu Lusaka momwemo, ndipo awiriwo sanakanganepo za chipembedzo. Ankakangana za mchere basi.

Bambo anatisiya m'mawa. Dzuwa lisanafike pamutu, a Saidi, mkulu wawo wa bambo, anali atawasambitsa kale ndi anzawo a kumzikiti, n'kuwakulunga m'nsalu yoyera yonunkhira ubani. Abale a amayi anali asanamve n'komwe. Kwa iwo maliro amagona masiku, amayi a kutchalitchi amaimba, wamasiye amaponya dothi m'manda n'kuikapo maluwa.

Galimoto yonyamula maliro itafika, amayi anamanga chitenje chawo n'kundigwira dzanja. A Saidi anaima pageti.

"Alamu, kwathu akazi sapita kumanda. Mtima wanu sungapirire."

"Ba mulamu, kuno ni ku Lusaka," anatero amayi m'Chinyanja chawo cha m'tauni. "Uja ni mwamuna wanga. Nifuna chabe nione pamene muzamuika."

A Saidi sanakalipe. Anangoweramitsa mutu, koma sanasunthe. Abale inu, ngakhale Ba Mulenga, oyandikana nafe nyumba amene ankanunkha mowa tsiku lililonse, anakwera galimotoyo chifukwa anali mwamuna! Ife tinatsala tikuyang'ana fumbi, zikhadabo za amayi zitalowa m'dzanja langa.

Patapita miyezi a Saidi anabwerera ku Malawi, ndipo anamwalira komweko. Tsiku lina amayi anangonyamuka nane mpaka kumandako. Tinapeza milu ya dothi yofanana, yopanda mayina, mvula itaisalaza. Tinazungulira mpaka miyendo kuwawa. Maluwa amene anagula anabwerera nawo kunyumba.

Ndinakula ndikudana ndi a Saidi. Lero ndimaona kuti sanali munthu woipa: ankaopa kuti m'bale wawo, atafera kudziko la eni, angaikidwenso mwachilendo. Koma zimandiwawabe kuti pa amuna onse aja panalibe mmodzi woganiza zodzabwera mawa lake n'kuuza wamasiye kuti, ndi apa.

Chaka chatha amayi ali gone m'chipatala anandikoka pafupi.

"Mwana wanga, ukaniike pafupi na atate ako."

Ndinavomera, poti ndikanatani? Atamwalira, tinawaika bwinobwino, ndi nyimbo ndi maluwa. Ngati ndi pafupi kapena patali, sindidziwa.