Jezi Namba Seveni ya Mphezi

Ba Chomba ninakumana nao pa mkangano, anzanga. Ine kulemba siniziba, nikamba chabe ena alemba, koma mutu ukali bwino.

Inali nthawi ya chipani chimozi, mvula ili pakati, bola itaima. Ku Kabwata kwathu tinali na timu yathu, Mphezi. Bola ikaima masapota sitinali kupumula iyai. Pa Sondo tikachoka ku Misa tinali kukumana kumbuyo kwa holo, kukangana kuti chaka chamawa asale ndani, achoke ndani.

Ba Morris, cheyamani wa masapota, anali kufuna bola ya mumwamba, kumenya kutali kuti wamutali aike mutu. Ine ninali kufuna ya pansi, munthu aitenge athamange nayo mu laini mpaka madifenda agwe okha. Tsiku ija ninakamba kuti bola ya mumwamba ni ya aulesi. Kumbuyo munthu anaseka.

"Shani mayo, imwe munamenyako bola?"

"Sininamenyeko, koma maso ananipasa Mulungu. Nanga imwe ndimwe ndani wofunsa pa msonkhano wa eni?"

Anali ba Chomba, mnyamata woonda, wochokela ku Kitwe, anabwela kukhala na amalume ake ku Woodlands. Anakamba kuti nikabwele ku tilening'i nikaone ngati maso anga ali bwino zoona.

Ninapita. Gilaundi inali matope okhaokha, yeve alibe na nsapato. Koma anzanga... munthu uja akatenga bola, matope anali kumupatukila. Ba Morris anati uyu ni wodzikonda, sapasa anzake. Ine ninawakanika pa msonkhano mpaka anamulemba. Anamupasa jezi namba seveni, ya Kabamba, mwana wobadwila mu Kabwata momwemo, ndipo Kabamba anakhala pa benchi.

Chaka chija tinadya bwino. Ba Chomba akagoletsa anali kuthamangila kumbali kwanga, anthu nkumaimba kuti mulamu, mulamu. M'mawa anali kunithandiza dengu ya tomato mpaka ku maliketi mu tauni, winga wa timu yonse, osachita na manyazi. Anatuma na amalume ake kwathu na mbale zofunsila ukwati. Amai anga anati Mubemba uyu ali na ulemu, koma miyendo yake siikhala pansi.

Mvula itabwelanso, nkhani inavuta. Kabamba anauza komiti kuti benchi yamukwana, asankhe pakati pa yeve na ba Chomba. Ndipo kunamveka mphekesela kuti timu ina ya ku migodi ifuna ba Chomba.

Ninawafunsa tili awili panjila ya ku Longacres. Ananigwila dzanja.

"Pepetuwa, Lusaka nizachokamo mu bokosi chabe. Kawauze."

So pa Sondo ninaimilila. Ninakamba kuti timu yothamanga siingataye wothamanga wake chifukwa cha mphekesela, ndipo munthu sapita kulikonse, waniuza yekha.

Ba Morris ananiyang'ana. "Mai, mukamba ngati sapota, olo ngati mkazi wake?"

"Zonse ziwili, ba cheyamani. Lembani pa dzina yanga."

Manja anakwela kuti ba Chomba asale. Kabamba anatenga chisote chake, anapita kwa mlongo wake ku Chelstone, ati bola waleka.

Tilening'i yoyamba, ba Chomba kulibe. Yachiwili, kulibe. Ninapita ku Woodlands, akazi a amalume ake ananiuzila pa geti, osanilowetsa na mkati. Ati anakwela sitima ya ku Kitwe, mgodi unamupasa nchito na nyumba, ndipo kuli mkazi kuja ali na pakati. Ati zonse zinakonzeka kale Khisimasi isanafike.

Khisimasi isanafike, anzanga. Ndiye kuti pamene ananigwila dzanja paja anali aziba.

Mu Kabwata ninakhala nyimbo. Amene anali kuniitana mulamu anayamba kufunsa ngati bokosi inafika bwino ku Kitwe. Ba Morris sanaseke, anangokamba kuti manje tilibe wothamanga, tizamenya ya mumwamba, tikagwa mu ligi tagwa.

Ninalila, sinibisa. Koma ninasamba, ninavala chitenge changa cha Misa, ninakwela basi ya ku Chelstone. Kabamba ninamupeza aumba njelwa. Ataniona anapitiliza chabe kuponda dothi.

"Mwabwela kupepesa, ba sisi?"

"Iyai. Uja anali kukupambana kuthamanga, ndipo iwe uziba. Koma iwe ndiwe wathu. Jezi ili pa msomali."

Anakamba zambili, zina zotukwana, ine ninamusiya akhuthule. Pothela anati azabwela ngati ine nemwine nizamupasa jezi pamaso pa anthu onse amene anakweza manja.

Ninachita. Ninaichapa, ninaisita na nsimbi ya malasha, ninaimilila pamalo pamene paja, mutu uli mumwamba, anthu anong'onezana. Kabamba anaivala. Chaka chija Mphezi inathamanga pansi, ndipo sitinagwe. Ba Morris mpaka imfa yao akafuna kulemba winga anali kutuma munthu kuti kaitaneni mai Pepetuwa.

Pambuyo pake ninakwatiwa na ba Nicodemus, a Sabata, munthu wosaziba olo kona kiki. Tinakalamba pamozi mpaka ninawaika ku manda a Leopards Hill.

Koma chimene chimanibaba mpaka lelo si sitima ija iyai. Ni kuti munthu ananituma kukaimilila pa anthu na bodza yake mu kamwa mwanga. Ine ninakamba zoona zimene ninaziba, ndipo timu sininaisiye. Inu atsikana, mwamuna akalumbila kuti sapita, muuzeni akaimilile yekha pa msonkhano, imwe mukhale pansi mumvele.