Tsiku Limene Chipale Chinasiya Kugwa

Amayi a Lizzie, dzina lawo a Eneles, amakhala khomo loyang'anizana ndi langa pa mafulati athu ku Ruaka. Kumudzi anali mphunzitsi ku Luchenza, koma kuno ku Nairobi chitupa chawo sichiwalola kulembedwa ntchito, ndiye anthu amati amangokhala. Kungokhala kwake ndi uku: amaphikira odwala a mumphakati wathu wa tchalitchi, amalera ana a anzawo sukulu ikatseka, ndipo Mmalawi akafika kumene ndi iwo amene amapita naye ku Eastleigh kukagula makatani ndi mabulangete.

Amuna awo, a Kingston, amagwira ntchito kubungwe lina logawa chakudya. Chaka chatha anawatumiza kumapiri a ku Tajikistan, kumene salola kupita ndi banja. A Eneles sanachionepo ndi maso chipale chofewa chimene chimagwa kumeneko nyengo yozizira. Majuzi onse amene amuna awo ananyamula anawasankha okha pakaunjika, kuwachapa, kusokerera mabatani.

Mu Febuluwale mwana wawo Lizzie amalandira Ulimbitso, ndipo bambo ake analonjeza kubwera. Kuchokera kumene amagwirako ntchito kukafika kubwalo la ndege pali msewu umodzi wokha, wodutsa m'tsinde mwa mapiri. Sabata imeneyo chipale chinagwa osalekeza.

Lachinayi m'mawa ndinali kwa a Eneles, tikupinda mpendero wa diresi loyera la Lizzie, foni inalira. Anaiika pa sipika poti m'manja munali singano.

"Kwacha kuno," anatero a Kingston. "Chasiya kugwa. Dzuwa lake ngati la ku Nsanje, kungoti silitentha."

"Ndiye mukudikira chiyani, bambo a Lizzie? Nyamukani kusanasinthe."

"Anzanga akuti tidikireko mpaka mkuja."

"Mkuja ndege itapita? Mvula ikakata anthu sapita kumunda? Kapena bulangete lakoma?"

A Kingston anaseka. "Chabwino, abwana. Pali galimoto ina ikutsika, ndikwera imeneyo."

Inenso ndinaona kuti alankhula zanzeru. Kwathu mvula ikakata mtsinje umaphwa, munthu n'kuwoloka.

Masana ndinatsika kukagula tomato kwa mama mboga, mayi wogulitsa zamasamba, ndipo ndinakumana ndi Upile, mtsikana wa fulati yapansi amene anaphunzira ku Austria. Ndinamuuza mosangalala kuti a Kingston anyamuka. Nkhope yake inasintha.

"Anti, tsiku loyamba la dzuwa ndiye loopsa kwambiri. Chipale chatsopano chimangokhala pamwamba pa chakale, chisanagwirane nacho. Dzuwa likachifunditsa chimatsetsereka chonse pakamodzi, ngati phiri lagumuka. Amayenera kudikira chikhazikike."

Ndinabwerera osagula tomato. A Eneles anandimvetsera ataima, kenako anaimba foni. Sinalowe. Anaimbanso, osalowa. Anaimbira ofesi ya bungwelo kuno m'tauni, ndipo woyankha anawapepesa m'Chiswahili kuti, "Pole, mama," nawauza kuti za kumeneko amaziona a ofesi ina. Lizzie atabwera kusukulu anafuna kuyesa diresi. A Eneles anamuyesa atagwada, mapini ali kukamwa, foni ili pansi pafupi ndi bondo lawo.

Dzuwa likulowa panafika uthenga wa mawu kuchokera pa nambala yachilendo. Anali a Kingston, akupuma mwawefuwefu. Chipale chinali chitagumuka n'kukwirira lole imene inali patsogolo pawo. Iwo anali moyo, m'kanyumba ka okonza msewu. Anakumba ndi mafosholo mpaka manja kuuma, koma dalaivala wa lole sanamupeze. Kumbuyo kwawonso kunali kutagumuka, ndipo phiri la pamwamba pawo linali likadali lodzaza.

A Eneles anamvetsera kawiri. Kenako anandifunsa ngati munthu angathe kupuma pansi pa chinthu chimenecho. Ndinawauza kuti sindikudziwa.

Loweruka Lizzie analandira Ulimbitso bambo ake akadali m'kanyumba kaja. A Eneles anakazinga mandazi a mphakati wonse monga analonjezera, ndipo aliyense wofunsa ankangomuyankha kuti, "Akudikira msewu."

Msewu unatsegulidwa sabata yotsatira. A Kingston anafika zala ziwiri za kudzanja lamanja zitada ndi kuzizira, ndipo madokotala sananenebe ngati zipulumuke. A Eneles ndi amene amazitsuka ndi kuzimanga m'mawa ndi madzulo. Mwina amakambirana akakhala awiri, koma ine sindinamvepo mmodzi wa iwo akutchula za Lachinayi lija.